Mwana adziwe mgaiwa kusukulu, asadikire kukaumvera kuchipatala

Pa tsiku la kiliniki ya matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi, malangizo omwe odwala ambiri amavutika nawo ndi aja akuti achepetse nsima ya ufa woyera, azidyako ya mgaiwa. Munthu wa zaka 50 yemwe wakula ndi nsima yoyera amamva ngati wapatsidwa chilango. Amavomera pamaso pa dokotala, koma akafika kunyumba mthiko umatakasa ufa womwe uja.

Sindiwadzudzula anthuwa. Lilime likazolowera kusintha kumavuta, ndipo akuluakulu adanena kale kuti m'mera m'poyamba. N'chifukwa chake ndikuona kuti nkhani ya mgaiwa, mapira ndi mawere iyenera kuyambira kupulayimale, mwana ali ndi njere ya chimanga m'manja.

Njere ya chimanga ili ndi zigawo zitatu. Kunja kuli khungu lomwe limasanduka madeya kapena gaga. Mkati muli gawo loyera lomwe limapatsa mphamvu. Chakumunsi kuli kamtima, pomwe pamatulukira m'mera. Mafuta, mavitamini a gulu la B, ayironi ndi zinki zambiri zili mu kamtimako ndi m'khungu. Khunguli limathandizanso kuti chimbudzi chisamaume komanso kuti munthu asamve njala msanga.

Tikakonola chimanga, n'kupeta, n'kuviika mphale masiku angapo tisanakagayitse, timachotsa khungu ndi kamtima, ndipo michere ina imapita ndi madzi aja. Chotsala ndi ufa wokongola koma wosauka. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a thumba limathera panjira imeneyi. Madeya aja timagulitsa motchipa kwa alimi a ng'ombe zamkaka, nkhumba ndi nkhuku, omwe ndi ambiri kuno ku Chiradzulu. Ng'ombe imanenepa ndi zomwe tamumana mwana.

M'boma lino nkhani imeneyi si yamasewera. Kalembera wa 2018 adapeza anthu opitirira 350,000 pa malo ochepa, ndipo mabanja ambiri ku Namitambo, Mbulumbuzi, Thumbwe ndi Nkalo ali ndi minda ing'onoing'ono yomwe chimanga chake sichifika Disembala. Namondwe wa Freddy adakokolola mbewu mu Malichi 2023, chaka chotsatira kudabwera ng'amba. Banja lomwe lakolola matumba asanu ndi limodzi likakonola onse, limakhala ngati lataya matumba awiri.

Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015-16 adaonetsa kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'dziko muno ndi opinimbira. Kafukufuku wina wa 2009, wa Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la WHO, adapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Mavuto awiriwa ali ndi zifukwa zambiri, koma onse amadutsa pambale yomwe timadyera.

Ana athu amaphunzira kale za magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zanyama, zamasamba, zipatso, za gulu la nyemba ndi zamafuta. Amaloweza, amakhoza mayeso. Koma pa gulu la zokhutitsa, ambiri amangodziwa kuti ndi nsima, mpunga, mbatata ndi chinangwa, osadziwa kuti nsima ndi nsima zimasiyana. Choipa kwambiri n'chakuti amatengera kwa ife akulu maganizo akuti mgaiwa ndi wa amphawi, wa kundende kapena wa nthawi ya njala. Mwana wotere akadzakula adzachita manyazi kupita kuchigayo ndi chimanga chosakonola.

Chodabwitsa n'chakuti ana omwewa amathamangira phala la kusukulu. Bungwe la Mary's Meals, lomwe lidayamba ntchito yake m'dziko muno mu 2002, limapereka Likuni Phala m'sukulu zambiri za m'chigawo chakummwera. Phalali ndi la chimanga chosakaniza ndi soya, lothiramo mavitamini. Mwana amamwa m'mawa uliwonse, koma ndi kangati pomwe wina adamuuza zomwe zili m'kapu mwake ndi chifukwa chake?

Phunziro lake silifuna ndalama. Mphunzitsi wa sayansi kapena wa zaulimi aviike njere zingapo usiku, m'mawa azidule pakati, ana aone okha khungu, gawo loyera ndi kamtima. Tsiku lina ana ayeze chimanga ndi mbale asanakonole, ayezenso mphale yotsala, awerengere zomwe zapita. Amenewo ndi masamu komanso zaumoyo nthawi imodzi. Aliyense abweretse mbewu ya kwawo: mapira, mawere, mpunga, chimanga chamakolo. Amayi ophika phala ndi a mother group awaonetse chigumu cha mgaiwa ndi thobwa la chimera. Ana adziwe kuti mondokwa wootcha, chimanga chowiritsa ndi mbuliwuli ndi njere zathunthu, pomwe mandasi, buledi woyera ndi tokhwasula ta m'mapepala ndi zopangidwa ndi ufa wochotsedwa khungu.

Mapira ndi mawere zisasowe paphunziroli. Mbewu zimenezi zimapirira mvula ikachepa, ndipo bungwe la United Nations lidapatula chaka cha 2023 kukhala cholimbikitsa mbewu za mtundu wa mawere. Agogo athu ankazidziwa bwino. Mwana akazionera m'kalasi sadzazitenga ngati za mowa basi.

Pali zodandaula zomwe makolo amanena, ndipo zina n'zoona. Choyamba ndi chuku. Poizoni wa chuku, wotchedwa aflatoxin, amakhala wambiri kukhungu la njere, ndipo kukonola kumamuchepetsa. Poizoniyu amaononga chiwindi. Choncho mgaiwa uyenera kuchokera ku chimanga chouma bwino, chosankhidwa, chopanda njere zowola kapena zosintha mtundu. Chimanga chokayikitsa chisagayidwe mgaiwa, ndipo chowola chitayidwe. Ana aphunzirenso kusankha chimanga.

Chachiwiri, mgaiwa suchedwa kununkha chifukwa cha mafuta a mu kamtima. Yankho ndi kugayitsa pang'onopang'ono, wokwana sabata imodzi kapena ziwiri.

Chachitatu n'chakuti mgaiwa pawokha si mankhwala. M'khungu muli zinthu zomwe zimalepheretsa thupi kutenga ayironi ndi zinki yense, n'chifukwa chake kumeretsa chimera, kusasitsa, komanso kudya ndi usipa, masamba ndi zipatso kumathandiza. Chimanga chilichonse chimaperewera vitamini B3. Mu 1990, anthu opitirira 18,000 othawa nkhondo ku Mozambique omwe ankakhala m'dziko muno adadwala pellagra, matenda otupitsa ndi kudetsa khungu, kutsegula m'mimba ndi kusokoneza mutu, mtedza utasowa pa chakudya chomwe ankalandira. Nsinjiro, nandolo ndi khobwe zisachoke pambali pa nsima. Wodwala shuga naye adziwe kuti mitanda isanu ya mgaiwa imakwezabe shuga.

Ena amati ufa wa m'sitolo amathiramo kale michere. N'zoona kwa ufa wa makampani akuluakulu, koma mabanja ambiri kuno amagayitsa kuchigayo chapafupi, komwe sathiramo kanthu. Zomwe tachotsa pokonola sizibwereranso.

Sindikunena kuti ufa woyera uletsedwe. Paukwati ndi pachinkhoswe udzakhalapobe. Koma banja likhoza kuyamba ndi phala la mgaiwa lothira nsinjiro m'mawa, kapena kusakaniza ufa woyera ndi mgaiwa theka ndi theka mpaka lilime lizolowere.

Alangizi a zaumoyo ndi mavolontiya a m'ma care group, mumafika kale m'makomo ndi uthenga wa zakudya. Pemphani aphunzitsi aakulu akupatseni mphindi 30 teremu ino, mupite ndi chimanga choviika ndi mpeni. Makolo, pamsonkhano wa PTA funsani ngati ana anu adaonapo mkati mwa njere yomwe amadya tsiku ndi tsiku. Ndipo mwana akabwera kunyumba n'kupempha kuti lero muphike mgaiwa, musamuseke. Muphikireni.