PAKHONDE LA MAKOLO: Mwana Akati "Ndikudziwa"

Makolo anzanga, mukafunsa mwana wa Fomu 3 ku Namitambo ngati amatha kufufuza nkhani pa foni, adzakuyankhani msanga kuti, "Zimenezo n'zosavuta." Ife timangovomera, poti zala zake zimathamanga pamene ife tikuvutika ngakhale kutumiza ndalama. Koma kodi mutu wake umapeta zimene maso akuwerenga?

Mu 2016, akatswiri a pa yunivesite ya Stanford ku America adayesa ophunzira oposa 7,000. Mwa ana a msinkhu wa makalasi omaliza a pulayimale, oposa 80 mwa 100 alionse adalephera kusiyanitsa nkhani yeniyeni ndi uthenga wotsatsa malonda. Komatu amenewa adali ana okulira pa intaneti.

Kwathu kuno kukhulupirira nkhani yosafufuza kudatiliritsapo. Mu 2017, mphekesera za anamapopa zidafalikira m'maboma a Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi Chiradzulu, ndipo anthu osalakwa adaphedwa. Amene ankafalitsa mphekeserazo ankalankhula motsimikiza ngati adaona ndi maso.

Choncho tisamuyeze mwana ndi mawu ake okha. Madzulo mukatha kudya, mupatseni uthenga umodzi wa pa WhatsApp. Choyamba adzipatse yekha malikisi pa 10, kusonyeza mmene akudzidalira kuti angazindikire ngati uthengawo ndi woona. Kenaka mumufunse mafunso atatu. Walemba ndani? Adalemba liti? Ndani wina wodalirika akunena zomwezo?

Ikakhala nkhani ya mayeso, aone ngati bungwe la MANEB lalengezadi, kapena akafunse ahedi. Ikakhala ya mankhwala, akafunse kuchipatala cha Namitambo. Ikakhala ya namondwe, amvere chenjezo la a zanyengo pa wailesi.

Pomaliza yerekezani malikisi aja ndi ntchito imene wagwira. Amene wadzipatsa 9 koma osayankha funso ndi limodzi lomwe, musamunyoze. Mumuonetse pamene waterereka. Amene wadzipatsa 4 koma wayankha bwino, mumulimbikitse, chifukwa mantha akubisa luso lake. Aphunzitsi nawo angachite chimodzimodzi m'kalasi, kumayambiriro ndi kumapeto kwa teremu.

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Mwana akati, "Dikirani ndiyambe ndafunsa," mumuyamikire pamaso pa abale ake, kuti nawonso aphunzire kufunsa asanatumize uthenga kwa anzawo.