Sing'anga wa Agalu ndi Amphaka: Kodi Nchitoyi Imakondweretsa?

Mai wina wa ku Katete wandilembera kalata. Akuti mwana wao wamkazi afuna kuphunzira udotolo wa ziweto, koma mtima wake suli pa ng'ombe ai. Afuna kukaciritsa agalu ndi amphaka m'tauni. Maiwa afunsa ngati nchito yotere ili ndi tsogolo, ndiponso ngati oigwira amakhala okondwa.

Mai, funso lanu nlabwino, ndipo yankho lake tiyambe kulifuna kutsidya kwa nyanja kumene nchitoyi inakula kale. Ku Mangalande kunali dotolo wa ziweto dzina lake Alf Wight, amene anayamba nchito m'tauni ya Thirsk m'caka ca 1940. Iye analemba mabuku m'dzina lakuti James Herriot, loyamba m'caka ca 1970, ndipo nkhani zake zinakopa ana ambiri kuti alowe nchitoyi. Koma za m'buku ndi zina, za m'cipatala ndi zinanso.

M'caka ca 2017 kampani ya Merck inafunsa madotolo a ziweto a ku Amereka ngati angalangize mbale wao kapena bwenzi kulowa nchito yaoyo. Obvomera anali 41 okha mwa 100 ali onse, ndipo pakati pa acinyamata anacepa koposa. Comvetsa cisoni ceni-ceni cinamveka m'caka ca 2019, pamene bungwe la boma la CDC linapenda imfa za madotolo a ziweto 11,620 amene anamwalira pakati pa 1979 ndi 2015. Linapeza kuti kudzipha kunali kocuruka kawiri pakati pa amuna, ndi katatu ndi theka pakati pa akazi, poyerekeza ndi anthu wamba.

Nanga cimawasautsa nciani anthu ophunzira cotere? Ambiri amatuluka m'sukulu ndi ngongole yopitirira madola 100,000. Koma cina nco cimene ine ndiona kuti ncolemera koposa ndalama. Kumeneko galu amagona m'nyumba ndipo amayesedwa ngati mwana. Akadwala, mwini wake amabwera akulira, koma nthawi zina alibe ndalama zolipirira mankhwala. Tsono dotolo, amene adziwa bwino kuti galuyo akadacira, amakakamizidwa kum'goneka ndi nyeleti kuti asadzukenso. Munthu analowa nchito cifukwa cokonda nyama, lero dzanja lake lomwe ndilo likuzipha, ndipo mawa mwini galu am'tukwana kuti ndi wokonda ndalama. Ndico cifukwa cake m'caka ca 2014 madotolowa anayambitsa bungwe lotonthozana lochedwa Not One More Vet.

Sindikuti onse ali m'misozi. Alipo ambiri amene sangasinthe nchitoyi ndi ina iri yonse, maka-maka amene ali ndi anzao othandizana nao ndi nthawi yopumula.

Kuno kwathu zinthu nzosiyana. Sukulu ya udotolo wa ziweto ya Samora Machel pa Yunivesite ya Zambia inayamba m'caka ca 1983, ndipo nyumba zake zinamangidwa ndi cithandizo ca dziko la Japan. Zipatala za agalu ndi amphaka zimapezeka maka-maka ku Lusaka ndi ku Migodi, pakuti galu wa kumudzi ndi mlonda ndi mlenje, ndipo kawiri-kawiri saona dotolo moyo wake wonse. Komabe galu yemweyo ndiye amabweretsa ciwewe, nthenda imene imapha anthu pafupi-fupi 59,000 caka ciri conse pa dziko lapansi, ambiri a iwo mu Afirika ndi ku Asia. Akatswiri amati agalu 70 mwa 100 ali onse akalandira katemera, nthendayi imaleka kufala. Dotolo wotemera agalu pamudzi amapulumutsa ana a sukulu amene sadzam'dziwa nkomwe dzina.

Tsono Mai, musam'letse mwanayo, komanso musam'tumize ali wotseka maso. Pa holide ikudzayi mupite naye ku ofesi ya a Vetenale pa Boma, mukapemphe kuti akaonerere tsiku lotemera agalu. Akaone kulumidwa kwake, pfungo lake ndi dzuwa lake. Madzulo ace mudzam'funsenso ngati akali kufuna, ndipo mudzandilembere zimene adzayankhe.