ZA PA BENCHI: Thumba la mkodzo si imfa, abale

Anzanga a pamsika, sabata ino nkhani yathu ndi ya benchi imene inakhala yopanda mwini kwa miyezi 5 kwathu kuno kwa Mtsiliza. Eni ake ndi bambo ena ogulitsa usipa ndi utaka, kwawo ndi cha ku Nkhotakota. Dzina sinditchula.

Bambowa atasowa, mphekesera zinali mbwee. Ena ati awalodza anzawo a geni, ena ati ndi matenda a masiku ano aja. Zoona zake n'zakuti anali ndi khansa ya chikhodzodzo, ndipo madotolo anachichotsa chonse. Mwezi watha abwerera pa benchi, owondako pang'ono, koma mawu oitanira kasitomala ndi omwe aja. Tsono chimene chandikhumudwitsa n'chakuti ena mwa ife tayamba kuwalambalala. Ati pansi pa malaya ali ndi thumba la mkodzo, ndiye usipa wawo sitingadye. Aaa, zoona zimenezi abale?

Tiyeni timvetsetsane. Mkodzo umapangidwa mu impso, chikhodzodzo ndi nkhokwe chabe. Akachotsa nkhokweyo, dotolo amadula kachidutswa ka matumbo aang'ono, pafupifupi masentimita 15, n'kulumikizako timapaipi tiwiri tochokera ku impso. Mbali ina ya kathumboko amaitulutsira pamimba, kawirikawiri kumanja, cha m'munsi mwa mchombo. Pamenepo pamakhala kabowo kofiira ngati m'kamwa, kamene achipatala amati stoma. Mkodzo umadontha usana ndi usiku kugwera m'kathumba komata pakhungu, kokhala ndi kampopi kunsi kwake. Si zachilendo ayi. Dotolo wa ku America, Eugene Bricker, anatchukitsa njirayi kale mu 1950.

Kathumba kakamatidwa bwino sikanunkha, sikadontha. Mwini wake amakatsegula kampopi m'chimbudzi n'kusamba m'manja, basi. Ndipo khansa sipatsirana. Siyenda pa mbale ya usipa, siyenda pa chenji.

Ndinakhala nawo pansi bambowa Loweruka madzulo, msika utazizira. Mavuto ali nawo, koma si amene ife tikuganiza.

Loyamba ndi matumba. Amachokera kunja, limodzi limatha masiku ochepa chabe, ndipo sapezeka nthawi zonse. Akatha, munthu amachapa lakale kapena kumata jumbo ndi pulasitala. Apo ndiye mkodzo umawotcha khungu, zilonda n'kuyamba, fungo n'kumveka. Tsono tikamva fungo tizidziwa kuti ndi umphawi, osati uve.

Lachiwiri ndi chimbudzi. Kathumbako kamafunika kukhuthula kasanafike ndi theka lomwe, chifukwa kakalemera kamamatuka. Ndiye kuti maulendo angapo patsiku. Pa chimbudzi cholipira, phindu la mbale zingati za usipa likuthera pakhomo pamenepo?

Lachitatu ndi katundu. Miyezi iwiri kapena itatu yoyambirira munthu sanyamula zolemera, ndipo ngakhale atachira ayenera kusamala, apo ayi matumbo amakankha pambali pa kabowo n'kupanga chotupa. Chisaka cha usipa chimene ankachiponya paphewa okha, lero amalipira mnyamata.

Palinso la kuchipinda. Kwa abambo, opaleshoni imeneyi imachotsanso prostate, ndipo ambiri mphamvu zimachepa kapena kutha kumene. Kwa amayi kawirikawiri amachotsanso chiberekero. Zimenezi ndi zokambirana awiri pamodzi ndi dotolo, osati zothamangira mankhwala a m'mabotolo a m'mbali mwa msewu. Bambowa akazi awo sanawathawe. Ndi iwo amene anaphunzira kumata kathumba, ndipo ndi iwo anasunga mpamba osaudya.

Kwa inu muli ndi m'bale wotere, tamverani. Asachepetse kumwa madzi poopa kudzaza thumba. Azimwa pafupifupi malita 2 patsiku, pokhapokha dotolo ataletsa. Timaminamina toyera mumkodzo tisakuopseni, timachokera m'kathumbo kaja. Koma thupi likatentha, msana ukamapweteka cha mu impso, mkodzo ukada ndi kununkha kwambiri, kapena ukasiya kutuluka, pitani ku chipatala tsiku lomwelo.

Nanga khansa imeneyi ikuchokera kuti? Kumaiko a azungu chachikulu ndi fodya. Kuno kwathu pali mdani winanso, likodzo. Tinyongolotsi take timachokera mu nkhono za m'madzi, timalowera pakhungu munthu akamasamba, kuchapa kapena kuwedza, ndipo mazira ake amakanirira m'chikhodzodzo n'kumachinyula kwa zaka zambiri. Anatitulukira ndi Theodor Bilharz ku Cairo mu 1851, ndipo mu 1994 nthambi yofufuza za khansa ya bungwe la WHO inagamula kuti likodzo la m'chikhodzodzo limayambitsadi khansa. Bambowa anakulira m'mbali mwa nyanja, ndipo akuti ali mnyamata kukodza magazi sichinali chodandaulitsa, pafupifupi anzawo onse ankatero.

Ndiye mwana wanu amene amasambira mu Lingadzi kapena m'maenje a njerwa akakodza magazi, musamati ndi kukula. Mankhwala ake alipo, a praziquantel, omwe aja amagawa m'masukulu. Inu akuluakulu mukaona magazi mumkodzo, ngakhale kamodzi kokha popanda ululu, kayezetseni. Ambiri amafika ku chipatala chotupa chitafalikira kale, opaleshoni yosathekanso. Bambo athuwa ndi amwayi, anafika nthawi ikadalipo.

Mu 2025 boma linatsegula chipatala chachikulu cha khansa ku Kamuzu Central. Tikuthokoza. Koma aphungu athu kumbukirani kuti wochira amafunanso matumba mwezi ndi mwezi, moyo wake wonse. Muwaike mu bajeti.

Ifenso tili ndi mbali yathu. A komiti ya msika, munthu wotere azilowa m'chimbudzi mwaulere. A chipereganyu, musawachotse m'gulu. Ndipo enanu olambalala benchi ija, chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ine usipa wa dzulo ndinagula kwa iwo, mbale ziwiri, ndipo anandiikira basera. Tionana sabata ya mawa.