Ng'oma za Tommy Ramone

Usiku wa pa 31 Disembala 1977, anyamata anayi a ku New York adakwera pa siteji ya Rainbow Theatre ku Finsbury Park, kumpoto kwa mzinda wa London, n'kuimba nyimbo 28 ola lisanakwane. Werengetserani nokha: nyimbo iliyonse mphindi ziwiri, zina osafikako n'komwe. Gululo ndi Ramones, ndipo zomwe zidajambulidwa usiku umenewo zidatuluka mu Epulo 1979 m'chimbale chotchedwa It's Alive. Masabata apitawa ndachibwerera chimbalechi patatha zaka chili phee pakati pa ma CD anga akale, ndipo amene wandigwira mtima ulendo uno ndi munthu wakumbuyo kwenikweni, Tommy, woimba ng'oma.

Ena mwa inu nyimbo za punk n'zachilendo, ndipo m'pomveka. M'zaka zimenezo kuno kwathu lamulo linkaletsa amuna kuweta tsitsi lalitali, choncho nyimbo za anyamata a tsitsi lofika m'mapewa, ovala majini ong'ambika m'maondo ndi majekete achikopa, zidatipeza mochedwa. Ramones adayamba mu 1974 ku Forest Hills, m'dera la Queens. Nthawi imeneyo nyimbo za rock zidali zitanenepa: nyimbo imodzi kutha mphindi khumi kapena kuposerapo, wa gitala akudzionetsa yekha, anzake akungomudikira. Anyamatawa adadula zonsezo, n'kutsala ndi nyimbo zazifupi, zothamanga, zoti munthu akamva kamodzi mawa akuziimba m'bafa. Adakulira m'kabala kena ka mumsewu wa Bowery kotchedwa CBGB. Anayiwo, Joey, Johnny, Dee Dee ndi Tommy, sadali pachibale, adangogwirizana kuti aliyense atenge dzina la Ramone. Chimbale chawo choyamba, cha mu 1976, chidadya ndalama pafupifupi $6,400 zokha.

Tommy dzina lake lenileni lidali Tamás Erdélyi. Adabadwira ku Budapest mu 1949, kwa makolo achiyuda omwe adapulumuka pamene a Nazi ankapha Ayuda. Banjalo lidachoka ku Hungary pambuyo pa zipolowe za mu 1956, n'kukafika ku America chaka chotsatira. Mnyamatayo adakula akuimba gitala, kenaka adapeza ntchito mu situdiyo ya Record Plant, komwe adathandizira pokonza chimbale cha Jimi Hendrix cha Band of Gypsys, chomwenso chidajambulidwa pamaso pa anthu nyengo ya chaka chatsopano. Ng'oma sizidali m'maganizo mwake. Mu Ramones adalowamo ngati manijala, pa ng'oma pali Joey. Joey atapita kutsogolo kukagwira maiki, gululo lidayamba kuyesa anthu ofuna malowo, ndipo Tommy ankakhala pampando kuwaonetsa momwe nyimbozo zimafunira. Palibe adazigwira. Anzake adamuuza kuti basi angokhalapo yekha.

Mbiri imeneyi imamveka m'chimbalemo. Munthu amene adaphunzira ng'oma kuyambira ali mwana amafuna timudziwe kuti amatha: apa agubuduza, apo aphulitsa mbale zachitsulo, mzere usanathe wakometsera kale. Tommy ankaimba ngati munthu amene khutu lake lili pa nyimbo yonse. Tcherani khutu pa "Cretin Hop" kapena "Rockaway Beach", nyimbo yotsegulira. Dzanja lamanja lili pa timbale tiwiri totsekedwa ndi phazi tija, likugogoda mofulumira, tsetsetsetse, osapumira, osasintha. Lamanzere likugwa pa ng'oma yaing'ono pamalo pake penipeni, phazi likuponda pansi. Zokometsera n'zowerengeka, ndipo ikabwera imodzi ndiye kuti nyimbo yafika pokhota. Kutsogolo kwake Johnny akukwapula gitala yake ya Mosrite mongotsitsa dzanja, osabweza chokweza, ndipo Dee Dee pa besi akuchita chimodzimodzi. Zili ngati amayi atatu akusinja mumtondo umodzi: wina akachedwa pang'ono pokha, misi iwombana. Mphindi zoposa makumi asanu zimatha misiyo osawombana.

Pakati pa nyimbo palibe mpata. Ina ikangotha, gitala ikadalirabe, Dee Dee wakuwa kale kuwerenga mpaka kanayi, ndipo yotsatira yagwa. Tsiku lina ndikumvera pa khonde madzulo, ndidaika chala pa batani kuti ndiimitse nyimbo ikatha ndikatunge madzi akumwa. Chala chidangokhala pomwepo, nyimbo zikulowana, ludzu n'kuiwalika. Kuwerenga kwa Dee Dee kumangodzutsa anthu. Liwiro lenileni amaika ndi Tommy pa kugunda koyamba, ndipo ena onse amakwera pamenepo.

Pali nkhani ina yomwe okonda chimbalechi amakangana. Marky Ramone, amene adalowa m'malo mwa Tommy mu 1978, adanenapo kuti mawu, gitala ndi besi za mu It's Alive adakazibwereza mu situdiyo, ndipo zomwe zidatsala momwe zidalili usikuwo ndi ng'oma. Ena atamva zimenezi adakhumudwa, ati adawagulitsa chinthu chonamizira. Ine mtima wanga sudapite kumeneko. Kukonza zolakwika mu situdiyo kudali kofala pa zimbale zamtunduwu, ndipo ngati Marky adanena zoona, ndiye kuti chimene tikumva chochokeradi mu holo ija ndi manja a Tommy ndi phokoso la anthu. Aliyense amene adabwereza gawo lake adayenera kutsata mapazi a munthu mmodziyo, kuthamanga pomwe iye adathamanga, kupuma pomwe iye adapuma. Komanso Tommy yemweyo, pamodzi ndi Ed Stasium, ndi amene adakonza chimbalecho.

Izi zimandikumbutsa madandaulo a anthu opita ku mashoo kwathu kuno, pomwe woimba amafika ndi nyimbo zake pa fulashi, DJ n'kuzisewera, iye n'kumangokuwira pamwamba. Ndimawamvetsa oimbawo, bandi ndi yodula, zida n'zobwereka, ndalama ya pakhomo ndi yochepa. Komabe nyimbo ya pa fulashi singamve kuti anthu atenthedwa. Wa ng'oma amamva, ndipo amawonjezera moto kapena kuubweza pang'ono. Chimenecho ndi chomwe munthu amalipirira pakhomo.

Holo ya Rainbow ambiri a ife timaidziwa osazindikira. Kanema wotchuka uja wa Bob Marley and the Wailers adajambulidwa momwemo mu Juni 1977, miyezi isanu ndi umodzi Ramones asanafike. Chaka chimenecho achinyamata a punk ndi a reggae ku London ankamverana, mpaka Marley adatulutsa nyimbo ya "Punky Reggae Party". Lero nyumbayo ndi tchalitchi cha Universal Church of the Kingdom of God.

Si zonse za m'chimbalemo zimandikomera. Chakumapeto kuli nyimbo ya "Now I Wanna Sniff Some Glue", yonena za kununkhiza guluu. Anthu mu holo akusangalala nayo, koma ine ndimaona ana a m'misewu ya m'matauni athu, kabotolo kali kukamwa, maso ali gwa. Dee Dee, amene adalemba nyimbo zambiri za gululi kuchokera m'moyo wake womwe, adamwalira mu Juni 2002 ndi mankhwala ozunguza bongo a heroin, patangopita miyezi yochepa gululo litalandira ulemu wa Rock and Roll Hall of Fame. Joey adali atapita kale mu 2001, Johnny adatsatira mu 2004, onse awiri ndi khansa. Nyimbo imeneyo ndimaimvera ndi mtima wolemera.

Tommy adasiya ng'oma mu 1978 atatopa ndi maulendo, koma sadawataye anzake. Adathandiza kukonza Road to Ruin chaka chomwecho, ndi Too Tough to Die mu 1984. Atakula adatembenukira ku nyimbo zachikale za kumidzi ya ku America, za bluegrass, akuimba mandolin m'gulu la anthu awiri lotchedwa Uncle Monk. Adamwalira pa 11 Julaye 2014, womaliza mwa anayi oyambitsa gululo. Chodabwitsa n'chakuti kwawo ku America It's Alive idadzatuluka mu 1995, gululo litatsala chaka chimodzi kuti lithe. Mu 2019 idatulukanso pamodzi ndi mashoo ena atatu a sabata yomweyo, a ku Birmingham, Stoke-on-Trent ndi Aylesbury, ndipo usiku uliwonse dzanja lamanja lija ndi lomwelo.

Amene akufuna kumva kusiyana kwake ayerekeze ndi Loco Live, chimbale china cha gulu lomweli chojambulidwa ku Barcelona mu 1991, Marky ali pa ng'oma. Marky ndi katswiri, mphamvu ali nazo zoposa za Tommy, koma pofika nthawi imeneyo gululo lidali litazolowera kuthamanga mopitirira. "Blitzkrieg Bop", nyimbo yomwe mbali yaikulu adalemba ndi Tommy, ku Barcelona imadutsa Joey akumeza mawu kuti asatsalire. Ku Rainbow nyimbo yomweyo ikuthamanga ndithu, koma Joey ali ndi mpata wokoka mawu ake, anthu ali ndi mpata womuyankha, ndipo munthu ungathe kuvina.