Web app yanu yoyamba: chikombole chilipo kale, inu pondani dothi

Achinyamata ambiri ofuna kuphunzira kupanga ma apu amathera pa YouTube. Aonera gawo 1, gawo 2, pofika gawo 15 bandulo yatha, koma chogwirika palibe. Sabata ino tikambirane njira ina: kuyamba ndi template ya open source, n'kuisandutsa chinthu chothandiza anthu kwathu kuno ku Dedza.

Woumba njerwa sakhoma chikombole chatsopano m'mawa uliwonse. Amatenga chomwe chilipo, iye n'kulimbana ndi dothi. Template nayo ndi chikombole: foda ya mafayilo okonzedwa kale, momwe muli tsamba loyamba, makonzedwe a mitundu ndi zilembo, komanso zida zoyendetsera pulogalamu. Tikamati open source, ndiye kuti code yake ili poyera, aliyense akhoza kuiwerenga, kuikopera ndi kuisintha malinga ndi laisensi yake. Si kuba ayi, eni ake anaiika dala kuti ena amangirepo.

Zimenezi si zachilendo m'dziko muno. Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsa ziwerengero za m'zipatala pogwiritsa ntchito DHIS2, pulogalamu ya open source yochokera ku University of Oslo. Nalo bungwe la Baobab Health, lomwe linayambira ntchito yake pa Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, linamanga pulogalamu yolembera odwala pogwiritsa ntchito Ruby on Rails, chida chaulere. Ngati akatswiri samayambira pa ziro, inu mudzivutitsirenji?

Yambani ndi vuto, template ibwere pambuyo

Funso loyamba lisakhale lakuti "React kapena Laravel?" Likhale lakuti "ndani adzatsegula apu imeneyi, ndipo akufunamo chiyani?" Taganizirani mlimi wa kachewere ku Bembeke. Mavenda a ku Lilongwe amamuimbira foni kufunsa mtengo wa thumba, ena amabwera iye atagulitsa kale motchipa kwa woyamba kufika. Tsamba limodzi losonyeza zomwe gulu la alimi lili nazo sabata imeneyo, mtengo wake, ndi batani lotsegula WhatsApp likhoza kuchepetsa vuto limenelo. Mwinanso tsamba la achinyamata operekeza alendo kukwera phiri la Dedza, kapena kukaona zojambula za m'mapanga ku Chongoni, malo omwe UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Sankhani chimodzi basi, chaching'ono.

Kusankha template

Ma template ambiri ali pa GitHub, ndipo ena ali ndi batani lolembedwa "Use this template" lomwe limakupangirani kope lanulanu. Musanadine, onani zinthu zitatu.

Choyamba, laisensi. Ya MIT imakulolani kusintha ngakhale kugulitsa, bola musachotse dzina la mwini ndi mawu a laisensiyo. Ya GPL imati mukagawira ena pulogalamu yomwe mwasintha, muwapatsenso code yake pa laisensi yomweyo. Yopanda laisensi isiyeni, chifukwa mwini sanapereke chilolezo.

Chachiwiri, tsiku lomwe inakonzedwa komaliza. Ngati padutsa zaka zinayi palibe waigwira, mudzalimbana ndi zida zakale zomwe zikukanana ndi zatsopano.

Chachitatu, fayilo ya README. Ngati simukumva zomwe ikunena, template imeneyo yakukulirani. Pali ena okhala ndi login, malipiro, database, zonse pamodzi. Amaoneka bwino, koma chikasokonekera chimodzi simudziwa poyambira.

Kwa woyamba kumene, Vite ndi poyambira pabwino. Anaiyambitsa Evan You mu 2020, ndipo laisensi yake ndi ya MIT. Mukaika Node.js pa kompyuta, lembani npm create vite@latest, patsani pulojekiti dzina, sankhani Vanilla. Kenako lowani mu foda yatsopanoyo, lembani npm install, ndiyeno npm run dev. Tsegulani localhost:5173 mu browser, tsamba lanu ilo.

Nanga opanda laputopu?

Foni yokha ikhoza kuyambitsa ntchito, ngakhale kuti zala zimatopa. GitHub Codespaces imakubwerekani kompyuta ya pa intaneti yomwe mumaitsegula mu browser, ndipo akaunti yaulere imapatsidwa maola 60 pa mwezi pa makina ang'onoang'ono. Ubwino wake ndi wakuti npm install imachitikira kwa iwo komweko, bandulo yanu siipsa ndi kutsitsa mafayilo. Njira ina ndi Termux ya pa Android, yomwe imakulolani kuika Node.js ndi Git mu foni momwemo. Mukapezako kiyibodi ya Bluetooth, moyo umapepuka.

Sinthani pang'onopang'ono

Template ikayamba kuyenda, musathamangire kufufuta zonse. Sinthani mutu wa tsamba, onani ngati likuyendabe. Sinthani mtundu, onaninso. Chikatheka chimodzi, sungani ndi git commit, kenako git push. Git, yomwe Linus Torvalds anailemba mu 2005, imasunga mbiri ya kusintha kulikonse, ndiye mukasokoneza mumangobwerera pomwe zinali bwino. Magetsi akathima kapena foni ikabedwa pa depoti, ntchito yanu ili pa GitHub, simuyambiranso.

Mukafunsa ChatGPT kapena anzake, palibe mlandu. Koma mzere womwe simungathe kuufotokoza kwa mnzanu musauike, chifukwa tsiku lomwe udzavute kasitomala adzaimbira inu.

Apa ndiye samalani

Mapasiwedi ndi ma API key asapite pa GitHub. Asungeni mu fayilo ya .env, ndipo onetsetsani kuti dzina lake lalembedwa mu .gitignore. Pali mapulogalamu omwe ntchito yake ndi kusakasaka makiyi otayidwa poyera, ndipo sachedwa kuwapeza. Dziwaninso kuti chilichonse chomwe chalowa mu code yopita ku browser, aliyense akhoza kuchiona.

Nkhani inanso ndi ya anthu eni ake. Dzina la mlimi ndi nambala yake ya foni si zanu. Malawi ili ndi lamulo la Data Protection Act la 2024, choncho pemphani chilolezo musanaziike pa tsamba, ndipo musasonkhanitse zomwe simukuzifuna. Za kulumikiza Airtel Money kapena TNM Mpamba zidikire kaye. Ndalama za anthu si zophunzirirapo. Batani la WhatsApp likukwanira pa chiyambi.

Kuiika poyera

Mukalemba npm run build, Vite imakonza foda yotchedwa dist. Imeneyo mukhoza kuiika pa Netlify kapena GitHub Pages osalipira kanthu. GitHub Pages imasunga masamba okha, ilibe database, ndiye tsiku lomwe mudzafune kuti anthu azilowa ndi mapasiwedi, mudzafunika chida ngati Django kapena Laravel ndi seva yake.

Mayeso enieni si pa Wi-Fi ya mu tauni. Tsegulani tsambalo pa foni yotchipa, pamalo pomwe netiweki imabwera n'kuthawa. Chepetsani kukula kwa zithunzi, lembani m'Chichewa, mabatani akhale aakulu. Kenako mupatseni foniyo munthu yemwe mwamupangira, inu khalani chete muone pomwe akukakamira. Pamenepo ndi pomwe mukakonze.

Ntchito ya sabata ino ndi iyi: tsegulani akaunti ya GitHub, yendetsani template imodzi, sinthani mutu wake ukhale dzina la bizinesi ya kwanu, ndipo linki yake itumizeni kwa anthu atatu. Mukadzafunsira ntchito, linki yotseguka idzakuyankhulirani kuposa mzere wa pa CV wonena kuti mumadziwa JavaScript.