Galasi ndi Njerwa za ku Khondowe

Mwezi uno tikwere phiri. Mmisiri wa zithunzi wofuna kudziwa cimene cipatsa cinthu mtengo wace ayambire pa Chitimba, m'mbali mwa nyanja, nakwere mseu wokhotakhota wa Gorodi kufikira ku Khondowe, kumene Dotolo Robert Laws anakhazika misyoni ya Livingstonia m'caka ca 1894. Misyoniyo inayamba ku Cape Maclear mu 1875, nisamukira ku Bandawe mu 1881. Koma malungo sanailole kukhazikika, ndipo ku Cape Maclear cotsala coonetsa alendo ndico manda.

Atafika pamwamba, mmisiriyo adzayamba walowa m'chalichi. M'menemo muli zenera la magalasi a maanga: David Livingstone ali ciriri pamodzi ndi anzace a paulendo, bokosi la mankhwala pambali, nyanja kumbuyo. Dzuwa likawomba, maso safuna kucokapo. Komatu Livingstone anamwalira mu 1873, misyoni isanabadwe. Cotero zeneralo liri cikumbutso cokongola, si mboni yoona ndi maso ai.

Atsike tsono ku Stone House, nyumba ya miyala ya 1903 imene Laws anakhalamo, imene inasanduka yosungiramo zakale. Mu Marichi 1959, dziko litabvunduka pa nkhani ya Citaganya, ndege ya Boma inaponya kalata kufunsa Azungu a pamisyoni ngati afuna kuwacotsa. Iwo ndi abale ao akuda anatola njerwa, nazipaka njereza, naziyala pa udzu kuti wa m'ndege awerenge: Ephesians 2:14, ndiko kunena Aefeso, ndime yonena za Kristu wogumula linga lolekanitsa anthu. Sanacoke.

Nanga pa ziwirizi ca mtengo nciti? Galasi lija linadya ndalama ndi luso. Njerwa zija ngakhale mbala siikadazibvutikira usiku. Sinditi zenera liri ngati cikomekome ca mkuyu ai. Kukongoletsa nyumba ya Mulungu nkwabwino. Koma njerwazo zinayalidwa ndi manja a anthu amene moyo wao unali pa ciswe, ndipo mtengo wace wagona pamenepo.

Inu amisiri athu osema ndi ojambula, ndi inu makolo osunga mtanda wakale wa agogo m'nyumba, musafulumire kutaya cosawala. Yambani mwafunsa: anacigwira ndani, ndipo tsiku lanji?