Za Umoyo wa pa Banja: Impso za Munthu Wocira Nthenda ya Ciwindi

Mwezi uno tinena za nthenda ya ciwindi, dzina lace hepatitis C, ndi za impso za iye amene wacira.

Kacirombo ka nthendayi kalowa m'thupi ndi magazi: pa singano imodzi yobayira anthu awiri, pa lumo lotemera mphini, kapena pa magazi opatsidwa osayamba ayesedwa. Anthu anzeru anakazindikira m'caka ca 1989, ndipo katemera wace palibe kufikira lero. Kakhala m'ciwindi zaka zambiri kacetecete, koma sikalekera pomwepo ai. Mwa anthu ena, thupi polimbana nako lipanga zinthu zogwirana m'magazi, ndipo zimenezi zikatsakamira m'impso. Impso iri yonse iri ndi tosefa magazi pafupifupi 1,000,000. Tosefa timeneti tikaonongeka, mapazi atupa, mkodzo ucita thobvu kapena uoneka wofiira, ndipo magazi athamanga.

Kale mankhwala ace anali jekeseni wa interferon pamodzi ndi ribavirin, masabata 24 kapena 48. Anaciza monga theka la odwala, nasautsa koposa a impso zofooka. Pakuti ribavirin aturuka ndi mkodzo, ndipo impso zikalephera aunjikana m'thupi natha magazi. Kuyambira 2013, pamene sofosbuvir analoledwa ku America, kunadza mapiritsi akumwa masabata 8 kapena 12, ociza anthu oposa 95 mwa 100. M'caka ca 2019 analolanso kuti awo amene magazi ao atsukidwa ndi makina amwe sofosbuvir.

Tsono kacirombo katafa, impso zibwerera mwakale kodi? Taganizani za nkhokwe. Mukapha anankafumbwe, cimanga cotsala cipulumuka, koma cimene cinafumbwa kale sicibwerera. Momwemonso impso. Mwa ambiri kufooka kuleka, kapena kuyenda pang'onopang'ono, ndipo thobvu la mkodzo licepa; koma pamene panauma cipsera sipasefanso. Ndiponso nthenda ya shuga ndi kuthamanga kwa magazi sizicoka ndi mapiritsi awa. Zitsala, nizidyabe impso.

Cifukwa cace wocira asatsanzike msanga ku cipatala. Atapita masabata 12 citsirizire mankhwala, ayezetse magazi, kuti adziwe ngati kacirombo kanatha ndithu. Apemphenso kuti amuyeze mkodzo ndi creatinine, ndico cinyalala ca m'magazi cimene cicuruka impso zikafooka. Amene impso zace zinapwetekeka kale abwereze caka ndi caka, kapena monga dokotala amuuza. Acepetse mcere m'ndiwo. Asazolowere ibuprofen kapena diclofenac, pakuti alemetsa impso. Nayo mizu yosadziwika mphamvu yace aileke, ndi mowa womwe, cifukwa ca ciwindi.

Inu amai ndi abambo, lumo la munthu likhale lace yekha, pakuti wocira angathe kutenganso kacirombo. Ndipo mukaona mapazi a mbale wanu alikutupa, musati tiyambe takolola; mperekezeni ku cipatala sabata lomwelo.